Feteleza si chakudya cha chimanga: momwe zamoyo zimadyera ndi momwe zimayendera

Mwezi wa November ukamayandikira, nkhani ya m'maminibasi a ku Area 25 ndi ku Kawale, ngakhalenso pa msika wa Mitundu, imakhala ya feteleza. Anthu amati chimanga chopanda feteleza chimagona ndi njala. Koma mwana wa sekondale akaweruka amabwera ndi zina: zomera zimadziphikira zokha chakudya ndipo siziyenda, nyama ndiye zimayenda kukasaka chakudya. Ngati chimanga chimadziphikira chokha, thumba la makilogalamu 50 lija timaligulira chiyani? Bowa suyenda, komanso si wobiriwira. Uli mbali iti? Nanga kachilombo ka kolera, kopanda pakamwa ndi miyendo, kamadya bwanji ndipo kamasuntha bwanji?

Lamulo la kusukulu lija silolakwika, kungoti ndi lalifupi. Kadyedwe ndi kayendedwe ndi nkhani imodzi. Chamoyo chomwe chakudya chimachipeza pamalo chimakhazikika. Chomwe chakudya chake chili kutali chimayenera kupanga ulendo, ndipo ulendowo umalipiridwa ndi chakudya chomwecho.

Chakudya n'chiyani kwenikweni

Kwa asayansi, chakudya ndi chinthu chokhala ndi carbon (chinthu chomwe chimapanga makala) wolumikizana ngati mikanda, momwe mwasungidwa mphamvu: shuga, sitachi, mafuta ndi mapuloteni. Chimagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, ya njerwa zomangira thupi ndi ya nkhuni zolitenthetsa ndi kuliyendetsa. Chitsononkho chikamayaka pamafuwa, kutentha kumene mukumva ndi mphamvu yomweyo imene thupi limatulutsa mu nsima, kusiyana kwake n'kwakuti selo, kachipinda kosaoneka ndi maso komwe kamamanga thupi la chamoyo, limayatsa moto wakewo pang'onopang'ono, wopanda malawi, pogwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni.

Selo silingagwiritse ntchito shuga mwachindunji. Limayamba lamuphwanya n'kuika mphamvuyo m'timapaketi totchedwa ATP. Shuga ali ngati K5,000 yathunthu, ATP ndiye tchenji chogulira tomato ndi machesi. Izi zimachitika m'maselo a munthu, a bowa ndi a chimanga chomwe, usana ndi usiku. Funso losiyanitsa zamoyo ndi limodzi: shugayo wachokera kuti?

Zodziphikira zokha

Kwa zaka mazanamazana anthu ankakhulupirira kuti mtengo umadya dothi. Jan Baptist van Helmont, wa ku dera lomwe lero ndi Belgium, anaganiza zopima pa sikelo. Anadzala kamtengo ka makilogalamu pafupifupi 2.3 mumphika wa dothi louma la makilogalamu pafupifupi 90, n'kumangothirira madzi kwa zaka zisanu. Mtengowo unafika makilogalamu pafupifupi 77, pomwe dothi linachepa ndi magalamu osakwana 60. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1648, mwini wake atamwalira. Iye ankaganiza kuti kulemera konseko kwachokera m'madzi, ndipo apa anaphonya. Mu 1771 Joseph Priestley anaona kuti chomera chimabwezeretsa mpweya womwe kandulo waumaliza m'botolo lotseka, ndipo mu 1779 Jan Ingenhousz anaonetsa kuti izi zimachitika pokhapokha pali kuwala, komanso m'mbali zobiriwira zokha.

Ntchitoyi lero imatchedwa photosynthesis. Mizu imakoka madzi. Pa tsamba pali timabowo tosaoneka ndi maso, tambiri tili kunsi kwake, tomwe timalowetsa carbon dioxide, uja timautcha mpweya woipa. M'kati mwa tsamba muli utoto wobiriwira wa chlorophyll womwe umakola kuwala kwa dzuwa. Mphamvu ya kuwalako imang'amba madzi, okosijeni n'kutuluka panja, ndipo chotsalacho chimalumikizidwa ndi carbon dioxide kukhala shuga. Shuga wina amatenthedwa pomwepo, wina amakamanga phesi, wina amakasungidwa m'maso a chimanga ngati sitachi. Carbon dioxide ndi wochepa kwambiri mumpweya, magawo anayi okha pa magawo 10,000, komabe nkhokwe yonse ya chimanga imachokera m'kagawo kameneka.

Tsono feteleza akulowa pati? M'thumba la urea la makilogalamu 50 muli makilogalamu 23 a nayitirojeni. M'thumba la chimanga la makilogalamu 50 muli sitachi wokwana pafupifupi makilogalamu 35, yemwe alibe nayitirojeni ngakhale pang'ono, ndipo nayitirojeni yense wa m'thumbamo sakwana kilogalamu imodzi. Ntchito ya nayitirojeni ndi kumanga chlorophyll ndi mapuloteni omwe amagwira ntchito yophikayo. Feteleza ndi mphika ndi mthiko, ufa ndi mpweya ndi madzi. Nayitirojeni akasowa, chomera chimamusamutsa kuchoka m'masamba akale kupita kwa ang'onoang'ono, n'chifukwa chake chikasu chimayambira masamba am'munsi, kuchokera kunsonga kutsata mtsempha wapakati. Phosphorus, mchere wina wa mu feteleza, akasowa, masamba a chimanga chaching'ono amachita mtundu wofiirira m'mphepete.

Ng'amba ikagwa mu January, tsamba limatseka timabowo tija kuti lisataye madzi, ndipo limapindika ngati la anyezi. Timabowo tikatsekeka, carbon dioxide salowa, kuphika kumaima, ngakhale munathira matumba angati. Urea womwazidwa pamwamba pa nthaka osakwirira amauluka ngati mpweya wa ammonia, paja alangizi amati kumbani kadzenje pambali pa phando, thirani, kwirirani. Madzi akachuluka kudambo chimanga chimachitanso chikasu, popeza mizu nayo imapuma ndipo m'matope mulibe okosijeni. Chimanga, mapira ndi nzimbe zili ndi mwayi wina: zimasonkhanitsa carbon dioxide m'maselo apadera zisanamuphike, njira yotchedwa C4 yomwe Hatch ndi Slack anaifotokoza ku Australia mu 1966. Njirayi imazithandiza kugwira ntchito dzuwa likuswa mtengo popanda kutaya madzi ambiri. Mpunga, nyemba ndi soya zilibe.

Kubwerekana pansi pa nthaka

Magawo 78 pa 100 alionse a mpweya ndi nayitirojeni, koma chomera sichingamugwiritse ntchito momwe alili. Mabakiteriya ena amatha. Zulani soya kapena mtedza wa masabata asanu ndi limodzi mosamala, mupeza timibulu pa mizu. M'menemo mumakhala mabakiteriya a rhizobia, omwe Martinus Beijerinck anawapatula koyamba mu 1888. Chomera chimawapatsa shuga, iwo amachipatsa nayitirojeni. Ng'ambani kam'bulu ndi chikhadabo: kakakhala kofiira m'kati kakugwira ntchito, koyera kapena kobiriwira kakungodya chabe. Inoculant wa soya ndi mabakiteriya amoyo amenewa, ndiye thumba lake likakhalitsa padzuwa kapena mbewu yosakanizidwa ikagonera masiku, mumadzala mitembo. Kafukufuku wa mbewu za mtundu wa nyemba wakhala akuchitika kwa zaka zambiri ku Chitedze, pa msewu wa ku Mchinji.

Kaufiti, chomera chakuba

Amene anautcha udzuwu dzina lakuti kaufiti anaona bwino: chimanga chimapinimbira ndi kufota mlimi asanaone chilichonse pamtunda. Kaufiti wa maluwa ofiira, Striga asiatica, ndi chomera chenicheni cha masamba obiriwira, koma chakudya chake chambiri amaba. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, tsinde limodzi limabala masauzande ambirimbiri, ndipo zimatha kudikira m'nthaka zaka zoposa khumi. Sizimera chifukwa cha mvula yokha. Zimadikira fungo la timadzi tomwe mizu ya chimanga kapena mapira imatulutsa. Njere ikamera imakhala ndi kamba wa masiku ochepa chabe. Kamuzu kake kakapeza muzu wa chimanga, kamauboola n'kulumikizana ndi mitsempha ya madzi, n'kuyamba kuyamwa kwa masabata angapo kali pansi. Pofika nthawi yomwe maluwa akuoneka, zambiri zawonongeka kale.

Funso lomwe linavutitsa akatswiri ndi lakuti chimanga chimatulutsiranji timadzi toitana mdani. Yankho linapezeka mu 2005: timadzito, totchedwa strigolactones, ndi uthenga woitana bowa wina wa m'nthaka womwe umathandiza mizu kupeza phosphorus. Nthaka ikaguga, chomera chimaitana mokweza, ndipo kaufiti amamva nawo. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe kaufiti amachulukira m'minda yolimidwa chimanga chaka ndi chaka popanda manyowa. Thonje ndi soya zimatulutsanso timadzi totere, koma kaufiti wa chimanga sangaziyamwe, ndiye njere zimamera n'kufa ndi njala. Kasinthasintha wa mbewu amagwira ntchito motero. Kuzula kumathandiza ngati kwachitika maluwa asanabereke njere. Chenjezo ndi lakuti pali kaufiti wina wa maluwa achikasu, Alectra vogelii, yemwe amagwira khobwe, mtedza ndi soya. Kwa ameneyu mbewu zosinthanitsa ndi zina.

Bowa ndi chuku: kugaya chakudya kunja kwa thupi

Bowa unkawerengedwa pamodzi ndi zomera mpaka Robert Whittaker anaupatsa gulu lakelake mu 1969. Ulibe chlorophyll. Thupi lake lenileni ndi ulusi woyera wolowerera m'nthaka, m'chipika kapena m'njere. Chomwe timazula ndi chipatso chabe. Ulusiwo umalavulira timadzi togaya pa chakudya, chakudyacho chikasungunuka n'kuchiyamwa. Tinganene kuti mimba ya bowa ili kunja. Suyenda ndi miyendo, umakula kulowera komwe kuli chakudya.

Bowa wa oyster umadya zakufa, n'chifukwa chake umalimika m'majumbo a mapesi. Bowa wambiri wa m'nkhalango ya miombo, monga wa ku Dzalanyama, umakhala pa mizu ya mitengo yamoyo n'kumasinthana nayo michere ndi shuga. Mitengo ikapita ku makala, bowawo umapita nawo. Wa pachulu uli ndi alimi ake: chiswe chimatuta udzu ndi mapesi, n'kumanga timinda m'kati mwa chulu momwe bowa wa Termitomyces umafewetsa zomwe chiswecho sichikanatha kugaya bwino chokha.

Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chimadya mwanjira yomweyi, ndipo chosowa chake chachikulu ndi chinyezi. Mtundu wa Aspergillus flavus umasiya poizoni wa aflatoxin, yemwe anadziwika nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960 zitadya chakudya cha mtedza. Kuphika sikumuchotsa. Kuwaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda ndi kuyalira chuku mphasa, chimodzimodzinso kuika m'thumba chimanga chomwe chinyezi chake chikadali pamwamba pa magawo 13 pa 100.

Zomeza

Nyama zimalowetsa chakudya m'thupi n'kukachigayira m'kati. Mwa munthu, malovu amayamba kusandutsa sitachi kukhala shuga, asidi wa m'mimba amayamba pa mapuloteni, ndipo kuyamwa kwenikweni kumachitika m'matumbo aang'ono, otalika pafupifupi mamita 6. Nkhuku ilibe mano. Imasunga chakudya m'chithokomiro, n'kuchipera mu nthutumba pogwiritsa ntchito timiyala tomwe imatola. Ya m'khola yopatsidwa chimanga chosagaya popanda timiyala siipindula nacho mokwanira.

Ng'ombe ndi mbuzi ndiye zili ndi nkhani. Payokha ng'ombe singagaye cellulose, ulusi wolimba wa mu udzu. Mimba yake ili ndi zigawo zinayi, ndipo choyamba, chomwe mwa ng'ombe yaikulu chimatha kupitirira malita 100, ndi mtsuko wofululira wodzaza tizilombo tosaoneka ndi maso. Tizilomboto ndi tomwe timadya udzu. Ng'ombe imayamwa ma asidi omwe timatulutsa, kenako imagaya tizilombo tomweto kuti ipeze mapuloteni. Kubzikula ndi kubweza udzu kukamwa kuti uphwanyidwe bwino. Woweta amadyetsa tizilombo, ndipo tizilombo sitikonda kudzidzimutsidwa. Ng'ombe yozolowera udzu ikadya chimanga kapena madeya ochuluka tsiku limodzi, asidi amachuluka n'kupha tizilombo tofunika. Ikadya kwambiri masamba anthete a mbewu za mtundu wa nyemba, thovu limatsekereza mpweya ndipo mimba imatupa kumanzere. Majumbo omwe mbuzi za m'tauni zimameza pa mitaya sagayika, amangounjikana m'chigawo choyambacho mpaka mbuzi kuwonda ikudya.

Kuyenda ndi minofu

Mnofu umadziwa chinthu chimodzi, kukoka. Sukankha. N'chifukwa chake minofu imakhala iwiriiwiri, wina wopinda mkono, wina wowongola. Mu 1954 magulu awiri, la Andrew Huxley ndi Rolf Niedergerke komanso la Hugh Huxley ndi Jean Hanson, anaonetsa kuti m'kati mwa mnofu muli timaulusi ta mitundu iwiri, actin ndi myosin, tomwe timatsetsereka kulowana. Myosin amagwira, kukoka, kusiya, kugwiranso patsogolo, ngati anthu okoka chingwe cha pachitsime. Kusiya kulikonse kumafuna ATP. Mbuzi ikaphedwa ATP amatha, timaulusi timagwirana osasiyana, nyama n'kuuma gwa kwa maola angapo isanafewenso.

Pa mphamvu yomwe mnofu umatentha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi lomwe limakhala ntchito, yotsalayo imasanduka kutentha. Thukuta la wakabaza wa njinga pa chitunda ndi umboni. Mtundu wa nyama umaululanso ntchito yake: chidale cha nkhuku ndi choyera chifukwa nkhuku imauluka mwa apo ndi apo, ntchafu ndi yoderapo chifukwa imayenda tsiku lonse ndipo ili ndi myoglobin wosunga okosijeni, pomwe chidale cha nkhunda, youluka mtunda wautali, ndi chofiira kwambiri.

Zopanda mafupa zili ndi njira zake. Nyongolotsi imafinya madzi a m'thupi mwake, kutalika kenako kufupika, itagwira dothi ndi timaubweya. Chiwala chimapinda miyendo pang'onopang'ono, kusunga mphamvu m'chikamba cha mwendo ngati mphira wa legeni, n'kumasula kamodzi. Mbozi ya fall armyworm, yomwe inaoneka mu Africa mu 2016 ndipo mu December 2017 inachititsa Pulezidenti Peter Mutharika kulengeza za ngozi m'maboma 20, inagawa ntchito pawiri: mbozi imangodya, gulugufe wake ndiye amayenda, ndipo ndi mphepo amatha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi.

Kuyenda kwa tosaoneka ndi maso

Antonie van Leeuwenhoek ataona tizilombo tikusambira m'dontho la madzi m'zaka za m'ma 1670, anatitcha tinyama, chifukwa choti tinkayenda basi. Kachilombo ka kolera, Vibrio cholerae, n'kakang'ono moti 500 titandandalikana tingakwane milimita imodzi. Kwa kanthu kotere madzi ndi olimba ngati uchi. Kakasiya kupalasa kamaima pomwepo. Kali ndi kamchira kamodzi, ndipo mu 1973 Howard Berg ndi Robert Anderson anafotokoza kuti kamchira ka bakiteriya sikagwedezeka ngati ka nsomba, kamazungulira ngati pulopela ya boti, koyendetsedwa ndi kainjini ka pakhungu la selo. Bakiteriya alibe maso. Amasambira molunjika, akamva kuti chakudya chikuchuluka amapitiriza, chikamachepa amatembenuka n'kuyesa kwina. Chakudyacho amachiyamwa kudzera pakhungu.

Kusambiraku kumathandiza kachilomboka kudutsa mamina a m'matumbo, koma sikungakachotse ku Mtandire kukafikitsa ku Area 36. Mliri womwe unayambira ku Machinga mu March 2022, n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndi kuchedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre mu January 2023, unayenda ndi madzi, manja ndi maulendo a anthu.

Amoeba amayenda potambasula mbali ya thupi lake n'kutsanulikiramo, ndipo akapeza chakudya amachizinga n'kuchimeza. Maselo oyera a m'magazi mwathu amasaka mabakiteriya mwanjira yomweyo, monga anaonera Élie Metchnikoff mu 1882. Kachilombo ka malungo kamakwera udzudzu waukazi, womwe umafuna magazi kuti mazira ake akhwime. Waumuna umangomwa timadzi ta m'maluwa.

Zomera nazo zimasuntha

Zimasuntha pokula. Charles Darwin ndi mwana wake Francis analemba mu 1880 kuti nsonga ya mbande ndi yomwe imamva kuwala. Pambuyo pake kunadziwika kuti timadzi ta auxin timasamukira kumbali ya mthunzi, mbaliyo n'kutalika msanga, tsinde n'kupindikira kudzuwa. Muzu umatsata kukoka kwa dziko, ndiye zilibe kanthu kuti njere yagwa chagada kapena chafufumimba. Mpendadzuwa umatsatira dzuwa ukadali waung'ono. Ukakhwima umaima kuyang'ana kum'mawa. Mtedza umachita maluwa pamtunda, kenako kamsomali kamatsika kukabaya nthaka n'kukaberekera pansi, choncho nthaka youma gwa panthawiyi imachepetsa zokolola ngakhale masamba akuoneka bwino. Ulendo wautali zomera zimausiyira njere: chisoso chimakwera thalauza, kaufiti amakwera mphepo, khasu ndi ziboda za ng'ombe.

Mafunso omwe akadalipo

Loyamba ndi la mavairasi. Mawu akuti kachilombo amaphatikiza HIV, kolera ndi malungo, koma vairasi sadya, sapanga ATP, sasambira. Amatengedwa mpaka atalowa m'selo la wina n'kuligwiritsa ntchito. Asayansi ena amamuwerenga ngati wamoyo chifukwa amachulukana ndi kusintha, ena amakana chifukwa payekha sachita kanthu, ndipo sanagwirizane.

Lachiwiri ndi la zamoyo zapakati. Euglena, wa m'madzi obiriwira a m'zithaphwi, ali ndi chlorophyll komanso kamchira, ndipo mumdima amayamwa chakudya cha m'madzi. Zikuoneka kuti tamoyo tambiri toyandama m'nyanja timachita zonse ziwiri, ndipo akatswiri akuwerengabe kuti izi zikusintha motani kamvedwe kathu ka chakudya cha nsomba. Lynn Margulis anatsindika mu 1967 kuti tizigawo tobiriwira ta m'tsamba tinali mabakiteriya omwe anamezedwa kalekale koma osagayidwa. Izi lero n'zovomerezeka, koma momwe kumezana koyamba kunachitikira anthu akutsutsanabe. Ngakhale kachilombo ka malungo kanapezeka mu 1996 kuti kali ndi chotsalira cha kachigawo kotere, ndipo mankhwala a doxycycline amamenya pamenepo.

Lachitatu likukhudza thumba la feteleza lija. Kuyambira 2008 akatswiri akhala akuyesa kupatsa mpunga njira ya C4, ndipo mbewu yotero sinafike kwa alimi. Mu 2018 kunalengezedwa za chimanga cha makolo cha ku Sierra Mixe ku Mexico, chomwe mizu yake ya pamtunda imatulutsa utomoni wokhalamo mabakiteriya okoka nayitirojeni mumpweya. Chimangacho ndi chachitali kwambiri ndipo chimatenga miyezi isanu ndi itatu kapena kuposerapo kuti chiche. Sizikudziwika ngati khalidweli lingasamutsidwire mu mbewu zocha msanga zoyenera chigwa cha Lilongwe, komwe mvula imayamba kumapeto kwa November kapena mu December n'kusiya cha mu April, ndiponso ngati shuga wolipira mabakiteriyawo sangachepetse kukula kwa chitsononkho.